Makadi a DBS pofufuza matenda a Gaucher ndi MPS: zomwe taona kuno ku Dedza

Papita miyezi ingapo chiyambireni kutumiza magazi pa makadi a DBS (makadi odonthezapo magazi n'kuwaumitsa) kukayezetsa matenda akumtundu monga Gaucher, Pompe ndi MPS (chidule cha mucopolysaccharidosis), ndipo tsopano ndikhoza kunenapo zoona zake. Khadilo si lachilendo kwa ife a mu labu. Ndi pepala lomwe lija timadonthezapo magazi a makanda poyeza HIV. Kusiyana kwake n'koti labu ya kunja imayeza mphamvu ya ma enzyme amene amagaya zotsalira m'kati mwa maselo. Enzyme ikasowa, zotsalirazo zimaunjikana m'ziwalo monga kapamba, chiwindi ndi mafupa. Nestor Chamoles wa ku Argentina ndiye adaonetsa, cha m'ma 2001, kuti ma enzyme amenewa angayezedwe m'magazi ouma.

Ubwino wake ndi woonekeratu. Sipafunika firiji panjira, madontho ochepa akwana. Mwana wotupa kapamba, wochepa magazi, amene wamwa LA mobwerezabwereza koma malungo osapezeka, sikelo selo ayi, tsopano tili ndi pena pofunsa.

Koma khadili silifuna chibwana. Enzyme imafa ndi kutentha ndi chinyezi, ndipo chinyezi ku Dedza n'chosasowa. Mu Juni nkhungu ikakuta phiri, dontho limaoneka louma pamwamba pomwe m'kati mudakali monyowa. Khadi lina lidabwerera ndi yankho loti ma enzyme onse atsika, ngakhale enzyme ina imene amayeza pongofuna kuona ngati khadi lili bwino. Sikuti mwanayo adali ndi matenda onsewo, khadi ndi lomwe lidaonongeka. Panopa timaumitsa maola osachepera 4, pamthunzi, lili chigonere, kenako n'kulitsekera m'kajumbo kokhala ndi timapaketi toyamwa chinyezi. Padzuwa kapena pafupi ndi mbaula, ayi ndithu.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi magazi oonjezera. Ana ambiri otere amafika atapatsidwa kale magazi, ndiye enzyme ya wopereka uja ikhoza kubisa vutolo, zotsatira n'kutuluka zabwino. Tsiku lomwe mwana adalandira magazi lizilembedwa pafomu nthawi zonse.

Yankho loti enzyme yatsika si chigamulo. Pa MPS I, womwe ndi mtundu umodzi wa MPS, anthu ena a makolo a mu Africa amaonetsa enzyme yotsika pamakina koma alibe matenda konse, choncho pamafunika kutsimikiza ndi mkodzo kapena kuyeza majini. Pa Fabry, matenda ena a gulu lomweli, ndi zosiyana: mkazi akhoza kudwala koma enzyme yake n'kuoneka yabwinobwino.

Kudikira kumatenga masabata, ndipo mankhwala obwezera enzyme ndi odula kosaneneka. Komabe ndipitiriza kutumiza makadiwa. Mayi wina wa cha ku Linthipe, amene apongozi ake ankamuloza chala, adamva kuti Gaucher imachokera kwa bambo ndi mayi omwe, ndipo pa mimba iliyonse mpata woti mwana abadwe nayo ndi 1 mwa 4. Adapempha kuti tibwereze mawuwo bambo a mwanayo ali pompo, ndipo tidaterodi.