Kuno ku Yorkshire masamba a rhubarb timataya, mapesi ndiye timaphika

Abale athu akumudzi, tikamacheza pafoni simulephera kufunsa za kuzizira. Kuzizirako kulipo ndithu, koma munthu wochokera kwathu akafika kuno ku West Yorkshire, kumpoto kwa England, chimamusowetsa mtendere kwambiri ndi mdima komanso chinyontho. Mu Disembala ku Leeds dzuwa limatuluka 8 koloko itadutsa kale, ndipo isanakwane 4 koloko madzulo lalowa. Wogwira ntchito m'nyumba zosamalira okalamba kapena m'nyumba zosungiramo katundu amachoka kuli mdima n'kubweranso kuli mdima. Mu Juni zimatembenuka: cha m'ma 4:30 m'mawa kwayera kale, ndipo dzuwa limalowa 9:30 usiku itadutsa, moti ana amakana kugona ati kudakali masana. Nkhani ya dzuwayi a NHS, bungwe la boma loona zaumoyo kuno, amaitenga mozama. Amalangiza anthu kumwa mamaikulogalamu 10 a vitamini D tsiku lililonse m'miyezi yozizira, ndipo ife akhungu lakuda amati ndi bwino kumwa chaka chonse, chifukwa dzuwa lakuno silikwanira pakhungu lathu.

Mvula yakuno si ya mabingu ngati ya mu Januwale kwathu, yogwa mwamphamvu n'kukata. Imafanana ndi chiperoni cha ku Thyolo ndi ku Mulanje, yamawawa, yongonyowetsa osadziwa kuti wanyowa liti, ndipo ilibe mwezi wake. Manchester imalandira yambiri kuposa Leeds, chifukwa mitambo yochokera kunyanja ya kumadzulo imayamba yakhutula madzi pamapiri a Pennines isanafike kuno. Mu Januwale masana kumakhala madigiri 6 kapena 7, usiku n'kutsikira pa 1 kapena 2, nthawi zina pansi pa 0. Zovala siziuma panja. Alendo ambiri amaziyanika pahita chipinda chili chotseka, ndipo pakapita milungu ingapo makoma ndi m'mphepete mwa mawindo mumamera chuku chakuda, chija chimayambitsa chifuwa kwa ana. Madzi otuluka m'zovalazo amakhala alibe kolowera. Mankhwala ake ndi kutsegula windo pang'ono ngakhale kukuzizira, kutseka chitseko cha chipinda choyanikiramo, ndi kupukuta madzi a pagalasi m'mawa uliwonse.

Moni wa anthu akuno ndi nyengo yomweyi. Kwathu timafunsana za m'mene tadzukira, za ana, za odwala, mpaka za mbuzi. Kuno mukafunsa munthu wosamudziwa bwino za pakhomo pake amadabwa nanu. Pamalo odikirira basi amangoti, "Lero ndiye kwazizira, eti?" Inu mumavomera, n'kuwonjezera kuti akuti Lachisanu kukhala bwinoko. Basi mwalonjerana. Musayerekeze kutsutsa kapena kuyamba kufotokoza kuti ku Nsanje kumatentha motani. Funsolo silifuna yankho lenileni. Akafuna kupitiriza macheza, makamaka achikulire, amalowa nkhani za kudimba, ndipo kuyambira Januwale mpaka Juni dzina limodzi silisowa pakamwa pawo: rhubarb.

Chichewa chilibe dzina la chomerachi. Taganizani mapesi aatali ngati mkono, onenepa ngati chala chachikulu kapena kuposerapo, ofiira kapena obiriwira mofiirira, aliyense ali ndi tsamba lalikulu kunsonga loposa la koko. Kukoma kwake n'kowawasa, kofanana ndi chidede kapena bwemba wosathira shuga. Kwawo kwenikweni ndi kumadera ozizira a ku Asia, monga Siberia ndi China, n'chifukwa chake amakonda chisanu. Ndi mbewu ya m'gulu la ndiwo zamasamba, koma anthu akuno amamuphika ndi shuga ngati chipatso.

Tsopano mvetsetsani apa, chifukwa ndi pamene nzeru zathu zakukhitchini zingatiphetse. Mayi wakwathu akaona tsamba lalikulu lobiriwira chonchija, mtima umathamangira kumpeni ndi nsinjiro. Tinazolowera nkhwani, khwanya, kholowa, ndipo chigwada tikudziwa kuti ukasinja ndi kuwiritsa mokwanira poizoni wake amatha. Masamba a rhubarb satero. Ali ndi asidi wambiri wotchedwa oxalic acid, amene amawononga impso, ndipo kuwiritsa sikuwasandutsa ndiwo. Choopsa kwambiri n'chakuti kuwaphika ndi soda kapena chidulo, monga tichitira ndi therere, kumapangitsa poizoniyo kusungunuka mosavuta n'kulowa bwino m'thupi. Eni dziko anaphunzira movutika: pa nthawi ya Nkhondo Yoyamba Yapadziko Lonse, chakudya chitachepa, anthu analangizidwa kudya masambawa ndipo ena anadwala nawo kwambiri. Tsamba mumadula n'kutaya kudzala la manyowa. Mapesi okha ndiye olowa mumphika. Nawonso ali ndi asidi yemweyo pang'ono, choncho amene amavutika ndi timiyala ta mu impso asamadye pafupipafupi.

Rhubarb alipo wa mitundu iwiri pamsika, ndipo kaphikidwe kake kamasiyana. Woyamba amabwera pakati pa chisanu, kuyambira Januwale mpaka Malichi. Ndi wa pinki wowala, woonda, wofewa, timasamba take tachikasu, ndipo mtengo wake ndi wokwera. Amachokera kudera la pakati pa matauni a Wakefield, Morley ndi Rothwell, lotchedwa Rhubarb Triangle. Alimi amasiya zitsa zake m'munda zaka 2 osathyolako kanthu, kuti zisunge chakudya m'mizu. Chisanu chikazimenya mokwanira kumapeto kwa chaka amazikumba n'kuzilowetsa m'mashedi aatali, ofunda, amdima wa ndiwe yani. Chomeracho chimayesa kuti nyengo yozizira yatha, chimatulutsa mapesi mofulumira kufunafuna kuwala, koma kuwalako osakupeza. Pokolola amayatsa makandulo okha, chifukwa kuwala kwamphamvu kungaumitse mapesi ndi kuwasandutsa obiriwira. M'shedi mukakhala zii, mumamveka timaphokoso ta mphukira zikuphulika. Kale alimiwa ankathira m'minda zinyenyeswa za ubweya wa nkhosa zochokera m'mafakitale a nsalu ngati manyowa, malasha otenthetsera mashedi anali pafupi, ndipo sitima yapamtunda inkanyamula rhubarb usiku kupita naye kumisika ya ku London mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Alimi otsala lero ndi ochepa, koma mu 2010 dzina la Yorkshire Forced Rhubarb linatetezedwa ndi lamulo la European Union, ndipo ku Wakefield kumachitika chikondwerero chake chaka chilichonse mu Febuluwale.

Wachiwiri ndi wapanja, wa Epulo mpaka Juni. Ndi wonenepa, wowawasa kwambiri, nthawi zina wa ulusi. Ameneyu ambiri sachita kugula. Aneba okhala ndi dimba amakhala naye wochuluka moti amangokusiyirani mtolo pakhomo.

Kaphikidwe koyambira n'kosavuta. Tengani magalamu 500 a mapesi, dulani kunsonga ndi kutsinde, tsukani, muduledule zidutswa za masentimita 2 kapena 3. Ikani mupoto ndi magalamu 80 a shuga ngati ali wa pinki uja, kapena 100 mpaka 120 ngati ali wapanja. Madzi masupuni aakulu 2 okha. Vindikirani pamoto wochepa, ndipo pakatha mphindi 8 mpaka 10 wapsa. Ambiri amalakwitsa pamadzi. Phesi la rhubarb pafupifupi lonse ndi madzi, ndiye mukathira kapu yonse monga mukuphika mbatata mupeza msuzi wamadzimadzi. Kulakwitsa kwina ndi kutakasa ndi mthiko. Amaphwanyika n'kukhala ulusiulusi. Gwedezani poto m'malo motakasa. Potoyo asakhale wa aluminiyamu wosakutira, ngati aja timagula kumsika kwathu, kapena wachitsulo chochita dzimbiri. Asidi amadya chitsulocho, chakudya chimada n'kumamveka chitsulo mkamwa. Gwiritsani ntchito poto wa stainless steel kapena mbale yagalasi.

Wofuna kuti zidutswa zisaphwanyike aike mu uvuni: aziyale mosasanjikiza m'mbale, awaze shuga ndi madzi a lalanje limodzi, madigiri 200 kwa mphindi 15. Jinja amayenderana naye bwino kwambiri, kachidutswa kofanana ndi chala chachikulu kokwecha. Rhubarb wophika chonchi ndi wabwino pa phala la m'mawa, kaya la oats kaya la mgaiwa, koma muzimuika pamwamba phala litapsa kale. Mukamuwiritsa pamodzi ndi mkaka, mkakawo umadukaduka ngati chambiko.

Chakudya chimene mungachipeze m'makomo ambiri Lamulungu masana ndi crumble. Pansi pa mbale yolowa mu uvuni mumaika magalamu 600 a rhubarb wosaphika woduladula, magalamu 100 a shuga, ndi supuni yaikulu imodzi ya cornflour (sitachi wa chimanga, osati ufa wa nsima) yogwira madzi otuluka. Zapamwamba: magalamu 175 a fulawa wopanda zofufumitsa, 110 a batala wozizira wochokera mufuriji, 80 a shuga. Fikisani batala ndi fulawa ndi nsonga za zala mpaka zioneke ngati nyenyeswa za buledi, kenako sakanizani shuga. Wazani pamwamba pa rhubarb osatsendera. Uvuni madigiri 180, mphindi 35 mpaka 40, mpaka pamwamba pafiire ndipo madzi a pinki ayambe kubwata m'mphepete. Batala akafunda kapena mukakanda ngati mukukanda mandasi, mumapeza chiphala cholimba m'malo mwa nyenyeswa. Mukatsendera, nthunzi imasowa potulukira ndipo m'kati mumakhala mwauwisi. Mukatulutsa dikirani mphindi 10 kuti madzi agwirane. Amadyera kasitadi wotentha, ndipo kunena zoona wopanda kasitadi amakhala wosakwanira.

Akachuluka mu Meyi ndi Juni, pali njira ziwiri. Yophweka ndi kuduladula, kuyala pathireyi mufiriza mpaka ziume ndi kuzizira, kenako kuthira m'mapepala apulasitiki; zikatero sizimatirirana, ndipo zimakhala miyezi yambiri. Ina ndi jamu: kilogalamu imodzi ya rhubarb, kilogalamu imodzi ya shuga, madzi a ndimu imodzi. Sakanizani madzulo zigone, kuti shuga akoke madzi. M'mawa tenthetsani pang'onopang'ono mpaka shuga yense asungunuke, kenako onjezerani moto zibwate kwambiri kwa mphindi 15 kapena 20. Jamu amagwira pa madigiri 105. Wopanda choyezera adonthezere pang'ono pasosala yozizira, adikire mphindi imodzi, akankhe ndi chala; akachita makwinya wapsa. Rhubarb ali ndi pectin wochepa, chinthu chimene chimagwiritsa jamu, motero wake amakhala wofewerapo. Kuchepetsa shuga poganiza kuti mukupulumutsa ndalama kumangochititsa kuti asagwire ndi kuchita chuku msanga. Mabotolo akhale otsuka ndi otenthetsa mu uvuni musanathiremo.

Pali ena amamuphika ndi shuga wochepa n'kudyera nsomba yamafuta ngati makerele. Pa nsima zimenezi zimakhala ngati mwafinyira ndimu. Si aliyense amazikonda.

Ambiri mwa ife timakhala m'nyumba zalendi zopanda bwalo, koma makhonsolo amabwereketsa timinda totchedwa allotment pamtengo wapachaka, ngakhale m'madera ena mumadikira zaka kuti dzina lanu lifikidwe. Pafupifupi kamunda kalikonse mumakapeza kali kale ndi chitsa cha rhubarb pakona, chosiyidwa ndi amene analipo. Chitsa chimodzi chimabereka zaka 10 kapena kuposa. Chatsopano mumabzala m'miyezi yozizira, mphukira ili pamwamba penipeni pa dothi, motalikirana pafupifupi mita imodzi, ndi manyowa ambiri owola. Mukakwirira mphukira mozama kapena pamalo podikha madzi, chitsa chimawola. Chaka choyamba osathyola n'komwe, chachiwiri pang'ono chabe. Mitundu yodziwika ndi Timperley Early, yofulumira, ndi Victoria, yochedwerapo koma ya mapesi akuluakulu. Pothyola simugwiritsa ntchito mpeni: mumagwira phesi kutsinde, kupotoza pang'ono n'kukoka. Kachitsa kotsala mukadula ndi mpeni kamawola n'kulowetsa matenda. Osachotsa mapesi opitirira theka nthawi imodzi, ndipo likatuluka phesi lamaluwa lichotseni msanga chifukwa limadya mphamvu ya mizu. Chisanu chochedwa cha mu Epulo chikawagwira mapesi n'kukhala olefuka ndi amadzimadzi, amenewo tayani.

Ena mwafunsapo ngati tingakubweretsereni kachitsa. Zomera sizidutsa malire popanda zikalata za boma, komanso rhubarb amafuna milungu ingapo yozizira kwenikweni chaka chilichonse kuti agone n'kudzukanso ndi mphamvu. Kuchigwa cha Shire kapena m'mbali mwa nyanja angangofooka n'kufa. Kuno kuthyola kumalekezera kumayambiriro kwa Julayi, kuti masamba otsalawo adyetse mizu chisanu chisanabwere. Mu Okutobala masamba amagwa okha n'kuwolerana, Lamulungu lomaliza la mwezi womwewo mawotchi amabwezedwa m'mbuyo ola limodzi, ndipo kuyambira pamenepo mpaka kumapeto kwa Malichi, mukamatiimbira muzikumbukira kuti inu muli patsogolo ndi maola 2.