Za malobiyisti a ku America musaponyeko ndalama, ife ku Indiana zinatiwotcha kale

Abale kumudziko, nkhani yoti kuno ku America kuli kampani ya malobiyisti, anthu olipidwa kuti azikopa aphungu ndi akuluakulu a boma, yomwe ikukambirana ndi boma kuti Amalawi azilowa mosavuta, ndiye aliyense aponyeko kangachepe kuti dzina lake likhale pamndandanda, yandipeza kudzera kwa mphwanga wa ku Lilongwe. Ndamuuza asaponye olo K500. Ife kuno tinasonkhapo kale za malobiyisti, ndiye ndikudziwa chomwe amagulitsa ndi chomwe sangagulitse ngakhale mutawapatsa ng'ombe.

Ine ndimakhala kumpoto kwa Indiana cha ku South Bend, komwe Amalawi tilipo ambiri ndithu, ena tikusamalira okalamba ena ali m'mafakitale ku Elkhart. Kuno popanda galimoto ntchito iwalani, kabaza kulibe, shifiti ya usiku basi simuipeza, pomwe Indiana sipereka laisensi kwa munthu amene mapepala ake sali bwino. Illinois yomwe tayandikana nayoyi inayamba kupereka mu 2013. Ndiye chaka ndi chaka aphungu ena amabweretsa bilu ya driving card, kakhadi kongoyendetsera galimoto basi, si ID yovotera kapena yokwerera ndege, ndipo chaka ndi chaka imafera m'njira.

Chakumapeto kwa 2022 kunabwera mkulu wina, mnzathu wochokera ku Africa konko, suti yake yosita bwino, anatipeza titangoweruka ku tchalitchi tikudya mandasi mu holo. Ananyamula kabuku konyezimira ka kampani ina ya malobiyisti. Mkatimo zonse zinali zodzitama, takwanitsa zaka zakutizakuti, tatsegula ofesi yatsopano, makasitomala athu apambana mabilu ochuluka, ndiye zithunzi ali ndi gavanala akusayina lamulo onse mano panja. Anthu anagwa nazo zithunzizo. Koma pa mwambo wosayinira lamulo aliyense amene anakhudzidwako ndi biluyo amatha kuima kumbuyo kwa tebulo n'kujambulitsa, sizitanthauza kuti gavanala ndi mlamu wake.

Mtengo unali $3,000 pamwezi. Tinagawana $50 aliyense pamwezi, yomwe ndi maola ngati atatu akutembenuza agogo pabedi ndi kusintha matewera, koma anthu anati bola chaka chino tipeze khadi tisiye kunjenjemera tikaona polisi pagalasi. Mkulu uja anawonjezera kuti tisonkhenso $5,000 yapadera ya chipambano, aisunge iye, ikaperekedwe biluyo ikadutsa kuti anyamata alimbikire. Tinasonkha.

Tsono mverani pomwe panabisala ndalama. Nyumba ya malamulo ya Indiana sikhala chaka chonse ayi. Chaka ngati 2023 chomwe amakonza bajeti amayamba mu Januwale ndipo amayenera kutseka pofika 29 Epulo, chaka chotsatiracho amatseka pofika 14 Malichi. Aphunguwo ambiri ali ndi ntchito zawo, ena alimi ena maloya, akatseka amabwerera kwawo. Koma kontirakiti yathu inali ya miyezi 12. Kuyambira Meyi mpaka Disembala, miyezi 8, $24,000 yathunthu, tikulipira pomwe mu nyumbamo mulibe amene angavotere bilu. Titafunsa anati akuyang'anira makomiti omwe amakumana nthawi ya summer komanso kusunga ubale ndi aphungu. Ubale wa $24,000 aise! Pamwamba pa $3,000 ija invoyisi imabweranso ndi timizere tina, mafuta, paking'i, nkhomaliro, ndi $400 pamwezi ya chomwe amati bill tracking, kutanthauza kutiuza pomwe bilu yafika. Chimenecho chili pa webusaiti ya General Assembly, nyumba ya malamuloyo, ulere, mungolemba nambala ya bilu, ndipo zokambirana za komiti amaonetsa pa vidiyo live, ngakhale inu muli ku Ndirande mutha kuonera bola bandulo.

Ndisaname kuti sanagwire ntchito. Anatipezera kamphindi kochepa ndi senator wina mu ofesi yake, anatilembera pepala limodzi lofotokoza nkhani yathu mu chizungu chomwe aphungu amachikonda, za inshulansi ndi ngozi za pamsewu osati za chisoni chathu, anatiuzanso ndani ayankhule koyamba ndi zomwe asatchule. Zimenezo ndiye katundu wawo, amadziwa chitseko chogogoda ndi nthawi yake. Voti alibe.

Mu Febuluwale 2023 tinatsika msewu wa US 31 m'bandakucha, kuzizira koopsa, kupita ku Statehouse, komwe aphungu amakumanirana, ku Indianapolis. Pa third floor pomwe pali zipinda za aphungu, mukolido mumadzadza malobiyisti, masuti okhaokha, aliyense foni kukhutu maso pachitseko kudikira phungu atuluke amugwire pamkono ayende naye mpaka pa elevator. Ntchito yonse ndi imeneyo, masekondi angapo apakati pa chitseko ndi elevator. Lobiyisti wathu wa kampani ija anatipatsa moni n'kuthamangira phungu wina pa nkhani ya kasitomala wina, chifukwa m'thumba mwake munali mafayilo ambiri ndipo yathu inali yopyapyala.

Biluyo inali Senate Bill 248, anaibweretsa Senator Blake Doriot wa ku Goshen, wa Republican, ndipo ngakhale akuluakulu ena a polisi ndi mameya a matauni ena anaiikira kumbuyo. Inadutsa mu komiti yoyamba movutikira, anthu kulira ndi chimwemwe mu gulupu ya WhatsApp, maemoji a moto okhaokha. Kenako anaitumiza ku komiti ya za ndalama, Appropriations, ndipo kumeneko sanaiike n'komwe pa ndandanda yoti aikambirane. Basi inafa choncho, popanda wovota kuti ayi. Kuno tcheyamani wa komiti akangokhala chete bilu yatha. Koma mu kalata yawo ya nkhani ya mwezi wotsatira kampani ija inalemba kudutsa mu komiti kuja ngati chimodzi mwa zipambano zawo za chaka, pomwe mabungwe a anthu a ku Mexico ndi matchalitchi anakhala akukankha nkhaniyi zaka zambiri ife tisanaiganize n'komwe.

Amene anatitsegula maso ndi mayi wina wachikulire, lobiyisti nayenso koma wa bungwe lina lothandiza anthu, tinakumana naye pa benchi mukolido momwemo atavula nsapato imodzi akupumitsa phazi. Atamva za $5,000 ya chipambano anasiya kudya sangweji yake. Anati lamulo la Indiana limaletsa kulipira lobiyisti potengera kuti bilu yadutsa kapena yagwa, ndiye amene wakupemphani ndalama yotere mwina sakudziwa ntchito mwina akukuberani. Anatulutsa foni n'kutitsegulira kaundula wa Indiana Lobby Registration Commission, momwe aliyense wolipidwa kukopa aphungu amayenera kulembetsa, ndipo aliyense atha kuona ndani akugwirira ndani. Kampani ija inalimo. Dzina la mkulu wa suti uja munalibe. Anatiuzanso kuti olipirawo nawonso amalembetsa ndipo zimakhala poyera, chinthu chomwe palibe anatitchulira, tangoganizani gulu lomwe ena mwa ife mapepala ali pendapenda. Kuyankhula mu komiti ndi ulere, kuyimbira ofesi ya phungu wa dera lanu ndi ulere, ndipo anati poti nyumbayi ili ndi zigawo ziwiri, Senate ya anthu 50 momwe 40 ndi a chipani chimodzi, ndi House momwe alimo 70 mwa 100, nkhani ngati iyi imathera m'chipinda chawo cha chipani, wolonjeza kuti chaka chino ndiye chomwecho akunama. Sanatilipitse kanthu mayi ameneyu, olo khofi anakana.

Chaka chomwecho cha 2023 nyumba yomweyo inadutsitsa lamulo lina lolola anthu a ku Ukraine omwe analowa pa humanitarian parole, chilolezo cha kanthawi cha anthu omwe ali pamavuto, kupeza laisensi. Anthu a ku Haiti omwe analowa pa chilolezo chofanana anakasuma, jaji wa federal, boma lalikulu la America yonse, mu Januwale 2024 anati kumeneko n'kusankhana, ndiye aphungu m'malo motsegulira onse anangochotsa gawolo. Ndi mmene zimayendera kuno, chomwe mwachipeza chaka chino chaka chamawa achifufuta.

Tsono inu akumudzi mvetsani bwino apa chifukwa ndi pomwe akukudyerani. Ife nkhani yathu inali ya laisensi, yomwe ilidi m'manja mwa state, boma la chigawo ngati Indiana, ndipo zinakanikabe. Viza, green card, chilolezo cha ntchito, zonsezo ndi za boma la federal, embasi ku Lilongwe ndi Washington, gavanala wa Indiana kapena Texas alibe nazo mphamvu olo pang'ono. Bondi ija inayamba mu Ogasiti 2025 yoti Amalawi ndi a ku Zambia ofuna viza yoyendera aziika $5,000, $10,000 kapena $15,000 inachokera ku State Department, yomwe ngakhale dzina lili ndi state ndi unduna wa federal wa zakunja. Ndiye wina akuonetseni chithunzi ali pa masitepe a Statehouse n'kumati tikukonza za bondi, mufunseni nambala ya bilu, mufunseni dzina lake lili mu kaundula uti. Ndipo pa nkhani ya mapepala a munthu payekha ololedwa kupereka uphungu ndi loya kapena munthu wovomerezedwa ndi Department of Justice, unduna wa zachilungamo, lobiyisti si mmodzi mwa iwo.

Chimandinyansa n'choti mumakonda njira ya kuseri. Mukangomva kuti pali wodziwana ndi akuluakulu mwagulitsa kale mbuzi, ena mpaka kutenga ngongole ku banki m'khonde, osafunsa risiti, osafunsa kontirakiti, ukawachenjeza amati uli ndi nsanje wafika kale sukufuna anzako abwere. Bwerani ndithu, matewera ndi ambiri kuno sitingawamalize tokha, koma ndalama ya malobiyisti siikuyandikitsani ku ndege.

Kontirakiti yathu inalinso ndi kamzere kena mmunsi koti imadzipitiriza yokha ngati simunalembe kalata masiku 60 isanathe. Kalata inapita mochedwa, tinakangana nawo mpaka anavomera kutimasula titalipira Januwale ndi Febuluwale 2024, ina $6,000. Pa $5,000 ya chipambano mkulu uja anabweza $3,200 titamuopseza kuti tikamunenera, yotsalayo akuti adakali kukonza, ndipo masiku ano amapemphera tchalitchi china. Driving card ku Indiana mpaka ndikulemba pano kulibe.