Form 5330 ku America: pa pepala kapena pa intaneti?

Form 5330 ndi fomu ya IRS (bungwe lotolera misonkho ku America) yolipirira msonkho wa chilango pa thumba la penshoni, monga msonkho wa 15% (wowerengedwa pa chiwongoladzanja chomwe chatayika) womwe bwana amalipira akachedwa kuikamo ndalama zodulidwa pa malipiro a antchito.

Pepala limatumizidwa pa positi ku Ogden, Utah. Ndi njira yotsika mtengo, koma si ya aliyense. Pa zaka zamsonkho zotha pa 31 Disembala 2023 kapena pambuyo pake, amene amapereka mafomu a msonkho a mtundu uliwonse 10 kapena kuposerapo pa chaka ayenera kutumiza pa intaneti. Ambiri amapunthwa pa kuwerengaku: W-2 (fomu ya malipiro a wantchito aliyense), 1099 (ya malipiro ena) ndi 941 (ya msonkho wodulidwa pa malipiro) zonse zimaphatikizidwa. Kampani ya antchito 10 yafika kale pa chiwerengerochi ndi ma W-2 okha. Ikatumiza pepala popanda chilolezo, fomuyo imaonedwa ngati sinafike, ndipo chindapusa ndi 5% ya msonkhowo pa mwezi, mpaka 25%.

Pa intaneti fomu imadutsa mu Modernized e-File, njira ya IRS yolandirira mafomu, kudzera kwa wothandizira wovomerezedwa ndi IRS. Pamakhala kolipira, koma umboni woti yalandiridwa umabwera msanga. EFAST2, njira ina ya pa intaneti, ndi ya Form 5500 (lipoti la pachaka la thumbalo), ndipo siilandira Form 5330.

Wofuna nthawi yowonjezera adzaze Form 8868, ngakhale tsiku lolipira msonkho silisuntha.