Zimbale, batani la F11 kapena fulashi: kufomata kompyuta kuno kuchigwa

Tsiku lina mu Okutobala mphunzitsi wina wa ku Ngabu anabwera ndi laputopu ya HP yomwe inkachedwa kuyaka moti ukanatha kuphika tiyi n'kuipeza ikadali kuzungulira. M'jumbo anali ndi zimbale zinayi zolembedwa ndi maka, 1 mpaka 4. "Achimwene, akuti izi zimabwezera makina mmene anachokera ku fakitale," anatero. Sananame. Koma chimbale chachitatu chinali chitapindika chifukwa chokhala pashelefu pansi pa malata, ndipo ine wopupuluma sindinaziyang'ane zonse ndisanayambe. Ntchito inaima pakati, Windows yakale itafufutika kale.

Ndisazinyoze kwambiri zimbale. Zili ndi zonse zomwe kampani inaika m'makinamo: Windows, madiraiva (timapulogalamu toyendetsa zida za m'makina) a WiFi, a mawu, a sikirini, ngakhale timapulogalamu tosafunika. Hard disk ikafa n'kuikamo ina, zimagwirabe ntchito. Vairasi singadzilembe pa DVD yomwe inawotchedwa kale. Chimodzi chimanyamula 4.7GB, n'chifukwa chake zimakhala zingapo, ndipo pa HP zambiri zakale mumaloledwa kupanga seti imodzi yokha. Ikawonongeka, kwanu kwatha. Za mnzanu sizingakuthandizeni ngati mtundu wa makina ukusiyana.

Vuto ndi dera lathuli. Kutentha kopyola madigiri 40, fumbi lolowa m'thireyi n'kuphimba kadiso kowerengera, kenako madzi osefukira omwe amasiya matope m'bokosi lililonse. Onjezanipo magetsi: zimbale zimachedwa, ola limodzi kapena awiri, ndipo laputopu zathu zambiri batire inafa kalekale. Akazima pakati mwayambiranso. Komanso zimakubwezerani kuchaka chomwe makinawo anapangidwa. Ngati ndi Windows 7, Microsoft inasiya kuisamalira pa 14 Januwale 2020, ndipo Chrome inaima pa nambala 109 mu 2023. Mwabwezeretsa kompyuta yoyera, inde, koma yokalamba. Laputopu zambiri zatsopano nazo zilibe n'komwe poika chimbale.

Njira yachiwiri ndi kachigawo kobisika ka mu hard disk momwemo, komwe kampani inasungamo Windows ya ku fakitale. Poyatsa mumadina F11 pa HP, Alt ndi F10 pa Acer, F9 pa Asus, pomwe Lenovo zina zili ndi kabatani ka Novo kobaya ndi phini. Ndi yachangu, yosafuna ndalama. Koma ambirife laputopu tinagula zogwiritsidwa kale ntchito ku Limbe kapena kwa obwera nazo kuchokera ku Johannesburg, ndipo ogulitsa amakhala atapukuta zonse. Mudina F11 mpaka chala kupweteka, zii. Hard disk ikayamba kulira "tiki tiki", kachigawoko kamafa nayo limodzi.

Pa Windows 10 ndi 11 pali Reset this PC. Imakufunsani ngati mukufuna kusunga mafayilo anu kapena kuchotsa zonse. Apa ambiri amapusitsika: kusunga mafayilo sikusunga mapulogalamu, Office imapita ndithu. Imafunsanso ngati itenge Windows m'makina momwemo kapena pa intaneti. Ya pa intanetiyo imadya bandulo yoposa 4GB, ndiye ngati mumakhala kumene netiweki mumachita kuisaka pachulu, musayese. Ngati mukugulitsa makina, sankhani kuchotsa zonse ndi kupukuta disiki, zithunzi za banja zisakapezeke kwa eni ake atsopano.

Ine ndimayenda ndi fulashi. Ya 8GB imakwanira. Mumapeza pamene netiweki ili bwino, mwina ku Nchalo kapena mukakwera ku Blantyre, n'kukopera Windows pa fulashiyo kamodzi kokha ndi pulogalamu ya Microsoft yotchedwa Media Creation Tool. Fulashi imodziyo itumikira HP, Dell, Lenovo, zonse. Poyatsa mudina F9 pa HP kapena F12 pa Dell kuti makina ayambire pa fulashiyo, ndipo imamaliza msanga kuposa zimbale. Makina omwe anabwera ndi Windows 10 kupita m'tsogolo layisensi yake ili m'kati mwa bolodi, imadzitsegula yokha mukalumikiza intaneti.

Si kuti ilibe zilema. Zomwe imakupatsani si za ku fakitale kwenikweni, ndipo nthawi zina WiFi imasowa. Zikatero lumikizani foni ndi chingwe, yatsani USB tethering kuti kompyuta igwiritse ntchito intaneti ya pa foniyo, madiraiva abwera. Chilema chachikulu ndi eni akefe. Fulashi yomweyo timakasindikizira makalata, timakakoperera nyimbo, n'kubwera nayo mafoda onse atasanduka ma shortcut chifukwa cha vairasi. Yanga ndinaimangirira kansalu kofiira ndipo sibwerekedwa, ngakhale kwa alamu anga. Kumbukiraninso kuti Windows 10 nayo inasiyidwa pa 14 Okutobala 2025, pomwe Windows 11 imafuna TPM 2.0, kachida ka chitetezo ka m'kati mwa makina, komwe makina akale ambiri alibe.

Choncho mukandifunsa, yambani ndi Reset ngati kompyuta ikuyakabe, yesani batani la kampani ngati ikukana, koma fulashi ikhale m'thumba nthawi zonse. Zimbale zisungeni ngati muli ndi makina akale omwe madiraiva ake ndi osowa, muziike m'bokosi lake pamalo ozizirira, osati pafupi ndi denga. Njira iliyonse, koperani kaye mafayilo anu kwina ndipo onetsetsani kuti akutsegukadi.

Aphunzitsi aja mwayi wawo unali woti masikimu ndi malikisi a ana tinali titakopera kale. Ndinawaikira Windows 10 ya pa fulashi. Pakona pamatuluka mawu opempha layisensi, chifukwa nambala ya Windows 7 ya pachomata cha pansi siitsegulanso 10 kuyambira mu 2023, koma makina akuyenda. Zimbale zinayi zija anazitenga. Akuti anazikoleka m'munda wa mapira, zikuopseza mbalame.