Ndemanga pa chithunzi cha Joost van den Vondel chosindikizidwanso

Ndinagula chithunzichi pa intaneti kwa wogulitsa wina wa ku Netherlands, ndipo chakhala pakhoma la chipinda changa chowerengera kwa miyezi ingapo tsopano. Ndi nkhope ya mlakatuli wa dzikolo, Joost van den Vondel, monga momwe mmisiri Cornelis Visscher anaizokotera pa chitsulo cha mkuwa mu 1657, pamene mlakatuliyu anali ndi zaka pafupifupi 70.

Pepala lake ndi lochindikala komanso losanyezimira, ndipo inki yakuda sinazilale ngakhale pang'ono. Chimene chandikhutiritsa kwambiri n'chakuti timizere tating'ono ta pankhope ndi pa chovala tikuoneka payokhapayokha, kotero kuti munthu akayandikira amatha kuona mmene dzanja la mmisiriyo linkayendera.

Dandaulo langa lili pa mawu a m'munsi mwa chithunzi. Wogulitsayu anachepetsa malire a pepala mpaka mzere womaliza wa ndakatulo ya Chilatini wadulidwa pakati, mwina pofuna kuti chikwane m'felemu wamba. Kwa ine ichi n'cholakwa chachikulu, chifukwa mawu amenewo ndiwo amamuyerekeza Vondel ndi alakatuli akale a ku Roma monga Virgil ndi Horace, ndipo popanda iwo chithunzicho chataya theka la uthenga wake. Zithunzi zoterezi zinkasindikizidwa zambirimbiri n'kugulitsidwa kwa anthu amene sanamuonepo mlakatuliyo maso ndi maso, choncho pepala limene wagwira m'dzanja, mabuku amene amuzungulira ndi mawu otamandawo zinaikidwa mwadala kuti anthu amulemekeze. Zimandikhudza ndikakumbukira kuti nthawi imeneyo zinthu sizinkamuyendera: sewero lake la Lucifer linaletsedwa mu 1654 litangoonetsedwa kawiri, bizinesi ya banja lake mumsewu wa Warmoesstraat ku Amsterdam inagwa chifukwa cha ngongole za mwana wake, ndipo mu 1658 nkhalambayi inayamba ntchito ya ukalaliki pa banki yobwereketsa ndalama ya mzinda wa Amsterdam. Pa chithunzicho palibe chilichonse choonetsa mavuto amenewa. Timangoona bambo wodekha ndi waulemu wake.

Katunduyu anafika atakulungidwa bwino m'chubu cholimba, wopanda chopindika. Amene mukufuna kugula, pemphani kaye kuti akutumizireni chithunzi cha pepala lonse, ndipo muchiyerekeze ndi chimene nyumba yosungira zakale ya Rijksmuseum inaika pa intaneti, kuti mutsimikize kuti mizere yonse ya ndakatuloyo ilipo musanalipire.