Zithunzi ziwiri za Elizabeth I ku London: muyambe ndi chiti?

Ngati nthawi ili yochepa ku London koma mukufuna kuona mmene Mfumukazi Elizabeth I ankaonetsera ulamuliro wake pazithunzi, sankhani pakati pa ziwirizi. Armada Portrait chili ku Queen's House, nyumba yoonetseramo zithunzi ku Greenwich. Anachijambula pathabwa cha m'ma 1588, Angelezi atagonjetsa zombo zankhondo za Spain zotchedwa Armada. Ditchley Portrait, chojambulidwa ndi Marcus Gheeraerts wamng'ono cha m'ma 1592, chili ku National Portrait Gallery.

Mtengo: konseko kulowa n'kwaulere.

Kufikako: National Portrait Gallery ili pafupi ndi Trafalgar Square. Ku Greenwich n'kotalikirapo, mukwere sitima ya DLR kapena boti la pamtsinje wa Thames.

Zizindikiro: pa Armada, mfumukaziyo yaika dzanja pa mpira wa dziko lapansi, zala zili pa America, chisoti chachifumu chili pambali. Ngale zadzaza pachovala, kusonyeza unamwali wake, poti sanakwatiwe. Kumbuyo kwake zombo za adani zikusweka ndi namondwe. Ine ndimachikonda chifukwa paliponse pamene diso lagwera pali nkhani. Pa Ditchley wavala zoyera, waima pamapu a England, mapazi ali pa dera la Oxfordshire. Chithunzichi chimapitirira mamita awiri kutalika, moti mumachita kukweza mutu pochiona.

Wokonda mbiri ya nkhondo ndi zombo apite ku Greenwich, aonerenso National Maritime Museum pafupi pomwepo. Wofuna kuona Elizabeth pamodzi ndi mafumu anzake a banja la Tudor, kapena amene ali ndi maola ochepa, ayambe ndi Ditchley.