Bokosi la maapozi a Bramley: nyenyezi 4 mwa 5

Anzanga a ku UK kuno, mukaona maapozi akuluakulu obiriwira, ophwatalala, olembedwa Bramley, dziwani kuti amenewo ndi ophika. Ine ndinagula bokosi lathunthu pa shopu ya pafamu ina ku Nottinghamshire mu Okutobala.

Aawisi ndi owawasa ngati bwemba. Mukamuikira mwana m'chikwama cha kusukulu, abwera nalo ataluma kamodzi kokha. Koma asendeni, muwaduledule, muike mu poto ndi timadzi pang'ono ndi shuga. Pakatha mphindi khumi zidutswa zija zimafufuma n'kuphwanyika zokha, osafuna mthiko, n'kukhala phala lofewa lotuwira chikasu. Kuwawasa kumatsalako kongokwanira kudzutsa mudyo. Maapozi otsekemera monga Gala mukawaphika kukoma kumathawa, mumangomva shuga basi. Kwathu timasakaniza Bramley wophikayo mu phala la m'mawa, kapena kudyera nyama ya nkhumba yootcha monga amachitira eni dziko. Mu crumble, chakudya chotsekemera cha zipatso zophika mu uvuni zowazidwa ufa, batala ndi shuga pamwamba, ndiye musachite kufunsa.

Wogulitsayo amanyadira kuti mtunduwu ndi wa kwawo konkuno, ndipo sakunama. Unachokera ku njere zimene mtsikana wina, Mary Ann Brailsford, anadzala pakhomo pa nyumba yawo ku Southwell mu 1809. Nyumbayo inagulidwa mu 1846 ndi Matthew Bramley, wogulitsa nyama. Henry Merryweather, wa nazale ya mitengo, atapempha nthambi zoti akachulukitse mu 1856, Bramley anavomera, bola apoziyo atchedwe dzina lake. Wodzala anaiwalika, wogula nyumba n'kutchuka, ndipo ine zimenezi zimandiwawa ndithu. Mitengo yonse ya Bramley ya lero ndi nthambi za mtengo umodzi womwe uja, umene unagwa ndi mphepo mu 1900 koma n'kuphukanso.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha kalongedzedwe. Maapozi olemera chonchi anangowaunjika opanda pepala pakati, ndiye apansi ndinawapeza atafinyika, ena atayamba kuda mkati. Amenewo ndinawaphika tsiku lomwelo n'kuika mu firiji. Abwinobwino ndinawakulunga limodzilimodzi mu nyuzipepala n'kuwasiya mu galaja mozizira. Adutsa Khirisimasi ali gwa, khungu layamba kuterera ndi kuchita chikasu, ndipo ukali uja wachepa moti tsopano kachidutswa kamadyeka kosaphika.

Ngati mukufuna keke yoti zidutswa zikhale zooneka pamwamba, gulani mtundu wina, chifukwa Bramley sasunga maonekedwe pa moto. Amene mukuganiza zodzala mtengo wake, yambani mwayeza malo. Umakula kwambiri, ndipo mungu wake suthandiza mitengo ina, choncho pamafunika mitengo iwiri ya maapozi a mitundu ina pafupi kuti yonse ibereke bwino. Pa kadimba ka kuseri kwa nyumba ya lendi, ndi bwino kungogula bokosi.